Bokosi Limene Linaothera Dzuwa

Aloysius Kamdambo atafika kunyumba kwake mumzinda wa Perth, kutsidya kwa nyanja, kuchokera ku mgodi wa kumpoto kwa dzikolo, sanavule nsapato, sanafunse za chakudya. Anangolunjika kuchipinda chake chowerengeramo kukaona bokosi. Linali bokosi la matabwa onunkhira, losungiramo ndudu, lokhala ndi kawotchi pamphumi koyeza chinyezi cha mkati. Muvi wa kawotchiko umayenera kuima pa 70. Tsikulo unali utagwada pansi pa 40 ngati munthu wopempha chikhululukiro.

M'bokosimo munali ndudu zitatu zokha, zonenepa ngati chala chachikulu, zamasamba okhaokha popanda pepala. Anazipichira ndi bambo ake ku Mponela, ndi fodya wa chikopa wa m'munda mwawo, chaka chomaliza chimene analima. "Udzasute tsiku lokwatiwa mwana wako," anatero mkuluyo pomupatsa. Mkuluyo anatsogola, munda abale anagawana n'kugulitsa, ndipo pomwe panali chigafa pano amathirapo mafuta a galimoto. Aloysius anapitako kamodzi. Anaima pafupi ndi pampu ya dizilo n'kumayesa kukumbukira kumene khomo linkaloza, mpaka wogulitsa mafuta anamufunsa ngati wasochera. Za ku Mponela zimene zinamutsalira zinali zitatu zomwezi, ndipo ukwati wa mwana wake Natalie unali Loweruka la sabata yomweyo.

Anatola imodzi n'kuifinya pang'ono pafupi ndi khutu. Inalira ngati tsamba la chimanga mu Okutobala.

Anayamba ndi kasiponji kamene kamasunga madzi pansi pa chivundikiro. Kanali konyowa, mkazi wake anathiramo dzulo lake monga anamupempha pafoni. Kenako anaimba mlandu kawotchi, pakuti munthu wa digiri ya miyala sakhulupirira msanga kuti vuto lili pa thabwa. Anakagogoda ndi chikhadabo, anakauzira mpweya. Muvi unakwera n'kubwereranso pomwe unali. Kawotchi sikanali kunama.

Anang'amba kapepala, anakapanikiza ndi chivundikiro n'kukoka. Kutsogolo kanakana kutuluka. Kumanja kanakananso. Pangodya ya kumbuyo kanangosololoka ngati palibe chokagwira. Aloysius anatukwana m'Chingelezi, chifukwa m'Chichewa mawu ake akanakhala olemera kwambiri. Anayatsa tochi ya foni, anaiika m'bokosimo, anatseka, n'kulowa nalo m'wadiropu kuti aone pamene kuwala kukuthawira.

M'menemo ndi mmene anamupeza achemwali ake aakulu, a Lenia, amene anabwera kuchokera kumudzi kudzaona ukwati.

"Achimwene, mwalowa m'wadiropu masana ano? Kumigodiko akukudyetsani chiyani?"

"Tsekani chitseko, achemwali."

"Ndikutsekereni mkati?"

"Tsekani!"

Mumdimamo, kamzere ka kuwala kanaonekera kuyambira pangodya mpaka pakati pa hinjesi. Chivundikiro chinali chitabenda. Bokosi limene linapirira zilimwe zonse za ku Perth, ndi mphepo yake ya kum'mawa yong'amba milomo, linabenda iye atangotembenuka.

Anatuluka ali thukuta kamukamu. A Lenia analiyang'ana bokosilo ndi nkhope ya munthu woyembekeza kuthokozedwa.

"Kabokosi konyowa kaja? Ndinakakonza ine. Ndinakapeza kali chinyontho chokhachokha mkati, fungo lili guu. Ndinati zinthu za bambo zichita chuku. Ndinakayanika pasimenti kuseri, chitsegulire, pamodzi ndi mabulangete."

"Munakayanika."

"Mpaka kanauma bwinobwino. Ndinkakatembenuzanso."

"Achemwali, bokosi ili ntchito yake ndi kunyowa!"

"Chinthu chimene ntchito yake ndi kunyowa ndi chule, achimwene. Nyumba yonseyi palibe woyanika kanthu. Zovala mukuumitsira m'makina, matiresi sadziwa kunja. Dzuwa lonseli mukungolitaya."

Aloysius analifumbatira bokosilo. Kwawo chinthu chikanunkha chinyontho chimapita padzuwa: ufa, mphasa, mabuku a sukulu, ngakhale mwana wa chimfine. Amayi awo akanachita zomwezo, ndipo akanamumenyanso khofi chifukwa chosunga fodya wa bambo ake m'madzi.

Ndudu anazitsekera m'kontena ya pulasitiki, bokosi analikhazika pampando wakutsogolo n'kulimanga lamba, ulendo wa ku Malaga, dera la mafakitale mumzinda momwemo, kwa mnzake Rodgers, m'Zambia wopanga makabati a m'khitchini.

"Mudala, mwachiocha kapena?" anafunsa Rodgers akuyang'ana chivundikiro ndi diso limodzi.

"Achemwali anga analiyanika."

Rodgers anaseka mpaka anakhala pansi pa mulu wa matabwa. "Bamayo ba kumunzi sibasewera. Neo banayanika laputopu yanga."

Rodgers anamanga mahinjesi. Kapepala kanasololokabe. Anapala m'mphepete ndi sandipepa, mpata m'malo mochepa unasamukira kutsogolo. Anamata kachidutswa kopyapyala ka thabwa lonunkhira lomwelo kuzungulira mlomo wa bokosi, ndiye chivundikiro chinakaniratu kutsekeka, chinangokhala yasa ngati kamwa la ng'ona. Aloysius analanda sandipepa n'kupala yekha mwaukali mpaka anadzisupula chala. Rodgers anamulanda bokosilo, analimanga m'zopanira, n'kumuuza kuti apite akamwe madzi, abwere mawa.

Mawa lake chivundikiro chinatsika chokha, pang'onopang'ono, n'kutulutsa kampweya kuti fuu. Kapepala kanakana mbali zonse. Atabwereza za tochi zija m'wadiropu, munali mdima weniweni.

Koma bokosi kuchira si ndudu kuchira. Aloysius anali atawerenga zonse zolembedwa pa nkhaniyi, m'ndege ndi m'kachipinda ka kumgodi, ndipo onse ankanena chimodzi: ndudu youma imamwa chinyezi pang'onopang'ono, masabata, mwina miyezi. Ukaithamangitsa imaphulika. Lachinayi madzulo muvi unali utayamba kukwera, koma ndudu zinali kulirabe pakhutu. Iye ankangotsegula n'kutseka, kutsegula n'kutseka, akudziwa bwino kuti kutsegula kulikonse kukutaya chinyezi chomwe akuchifunacho.

A Lenia anamupeza pakhonde la kuseri, bokosi lili pamiyendo. Anakhala pansi pasimenti, miyendo tambalale, mpando uli pomwepo. Kupepesa sanapepese, koma anabweretsa kapu ya madzi.

"Achimwene, bambo fodya akawaumira ankatani?"

Aloysius anaziona m'maganizo. M'chigafa m'mamawa, dzuwa likulowera m'mipata ya udzu. Bambo atadzaza madzi m'kamwa, masaya ali tutumu, kenako kupemera pamasamba oyalidwa pamphasa, nkhungu yosalala yokhala ndi utawaleza mkati. Ankafunditsa chiguduli chonyowa, ndipo pofika nthawi yosankha, tsamba lomwe limafuna kufumbutuka limakhala lofewa ngati mpango.

"Mabuku amakana," anatero Aloysius.

"Olemba mabukuwo analowamo m'chigafa? Fodya ameneyu ndi wa ku Mponela. Amadziwa malovu a kwa Kamdambo."

Munthu amene wakhala kunja nthawi yaitali ali ndi chilonda chimodzi chimene aliyense wa kwawo amadziwa pochikhudza: kumuuza kuti waiwala. Aloysius anayala thaulo, anandandalika ndudu zitatu zija, n'kudzaza madzi m'kamwa. Atapemera, theka linatsikira pachibwano ndi pamalaya.

"Kumeneko n'kulavula, osati kupemera!" A Lenia anagwira m'mimba ndi phwete. "Madigiri onsewa, milomo kulephera. Bweretsani kuno."

Iwo anapemera ngati bambo awo enieni, nkhungu yopanda dontho. Anatembenuza ndudu n'kupemeranso. Anazikulunga m'thaulo lonyowa, n'kuziika m'bokosi lija lomwe tsopano silinkataya kanthu. Pasanapite nthawi fungo linadzuka: utsi wa nkhuni za msuku, dothi, thukuta la jekete la bambo. Awiriwo anakhala pakhondepo akununkhiza Mponela pakati pa mipanda ya malata ya m'dera lawo la Canning Vale.

M'mawa Aloysius anafunyulula thaulo. Zonse zitatu zinali zitang'ambika m'litali ngati nyemba zokhwima, zamkati zitatuzuka. Bambo ankapemera masamba omasuka, okhala ndi malo odzitambasulira. Awa anali omangidwa zolimba m'chikopa chimodzi chopyapyala, ndipo atamwa mwadyera anachiphulitsa. Iye ankadziwa zimenezi dzulo, ndipo anapemera woyamba ndi iye. Panalibe woti am'kalipire. Chimenecho ndiye chinamuwawa koposa.

Loweruka masana, anthu akudya m'holo, Aloysius anatuluka ndi suti yake, ndudu yong'ambika pang'ono kuposa zinzake ili m'thumba. Pakhomo panali chikwangwani choletsa kusuta, poimika magalimoto china, moti anakaima kutsidya kwa msewu pansi pa bulugamu. A Lenia anamutsatira atanyamula nsapato zawo m'manja.

Anayatsa. Mphepo ya kunyanja inazimitsa. Anayatsanso, a Lenia atatchinga ndi chitenje. Anakoka, koma mpweya unkalowera m'ming'alu, utsi osafika. Anatseka mng'alu ndi zala ngati woimba chitoliro, wina unatseguka chapansi.

"Gwirani apa, achemwali. Ayi, apa! Musafinye!"

"Ndifinye, ndisafinye, nenani chimodzi!"

Zala za anthu awiri zitaunjikana pa ndudu imodzi, Aloysius anakoka ndi mphamvu zake zonse. Utsi unabwera, kamodzi kokha, wowawa, wolemera, wokanda kukhosi. Anatsokomola mpaka misozi. Ndudu inamasukira m'manja mwawo, phulusa ndi zinyenyeswa zinagwera pa tayi.

"Mwasuta?" anafunsa a Lenia.

"Ndasuta."

"Basi. Bambo sananene kuti mudzamalize."

Kukhomo la holo Natalie, atanyamula diresi lake loyera m'manja, ankakuwa m'Chingelezi chake cha kuno kuti wojambula zithunzi akudikira. A Lenia anamusansa m'bale wawo pachifuwa ndi chikhatho, mwamphamvu kuposa mmene phulusalo linkafunira.

Lamlungu Aloysius anasesera zotsala za ndudu ziwiri zija m'bokosi, masamba osweka osadziwikanso mutu ndi mchira. Chivundikiro chinatsika kuti fuu. Muvi unaima pa 70 ndendende, osagwedezeka, kulondera zinyenyeswa.

A Lenia anasuzumira pakhomo atanyamula mabulangete.

"Koma kabokosiko muzikatsegulako, achimwene, kazipitidwa mphepo."

Aloysius anadzuka, anakankha chitseko, n'kukhoma ndi kiyi.