Kompyuta ya Abdulai

Abdulai atamwalira, ntchito yake yonse inagwera Cremilde. Awiriwa ndiwo ankayang'anira makompyuta a kabungwe kena ka alimi mumzinda wa Lichinga, ndipo matenda amene anatenga Abdulai sanapereke mpata woti munthu asiyire mnzake mawu. Anadandaula za mutu Lachisanu, sabata yotsatira anthu anali kumanda.

Ntchito ya bungweli inali yotumiza mauthenga pa foni kwa alimi a ku Lione ndi midzi yozungulira, kuwauza tsiku lobwera galimoto yodzatenga nyemba ndi mbatata. Maseva otumiza mauthengawo sanali mu ofesi. Anali obwereka, kutali, pa intaneti. Abdulai ankalemba malangizo, ndipo pulogalamu yotchedwa Terraform inkawerenga malangizowo n'kumanga maseva yokha. Ikamanga, inkalemba zonse zimene yamanga mu fayilo imodzi, imene iwo ankangoitchula kuti estado. Fayiloyo ikasowa, pulogalamu inkaona ngati sinamangepo kanthu.

M'mawa wina wa mwezi wa Juni, chifunga chili tolo m'mitengo ya paini kuseri kwa ofesi, Cremilde anaona kuti malo osungira manambala a alimi atsala pang'ono kudzaza. Anasintha mzere umodzi m'malangizo kuti awakulitse, n'kufunsa pulogalamu kuti ichita chiyani. Yankho linatsika pa sikirini osatha. Inkafuna kumanga zonse mwatsopano, kuyambira seva yoyamba.

Anachotsa manja pa kompyuta. Anafufuza m'malo onse amene ankasungira zinthu pamodzi ndi Abdulai, koma estado kunalibe. Pamenepo anakumbukira kuti Abdulai ankagwirira ntchito pa kompyuta yakeyake ya m'manja, poti ya ofesi inali yochedwa, ndipo ankanena kawirikawiri kuti adzasamutsa fayiloyo kukolola kukatha.

Anapita kwa Belarmino, mkulu wa bungwelo, amene anali atavala jekete ziwiri n'kumawotha manja pa kapu ya tiyi.

"Nanga bwanji osangoilola imange zatsopanozo?" anafunsa Belarmino.

"Zakale zilipo, chefe, ndipo zikugwira ntchito. Ikamanga pamwamba pake, zina zikhala ziwiriziwiri, zina zigundana. Mauthenga akhoza kuima, chonsecho nyemba zili m'matumba."

"Ndiye tichite chiyani?"

"Ndikufuna kompyuta ya malemu."

Belarmino anapukusa mutu. "Mkazi wake, Dona Ancha, ali pa eda, akubindikira m'nyumba monga achitira amasiye a Chisilamu, mana Cremilde. Ine mwamuna sindingalowe kukalankhula nawo. Mupite ndinu."

Cremilde sanafune. Anali atapita kumaliro, n'kukhala kumbuyo pakati pa amayi a Chiyao amene sankawadziwa, ndipo chichokereni kumeneko sanapondeko. Tsopano abwerere ndi pempho la katundu? Komabe masana anakwera mota, njinga yamoto ya hayala, kupita ku Assumane kunyumba ya malemu, atadzikulunga chitenje cha kapulana pamwamba pa juzi, fumbi lofiira likumulowa m'mano.

Pakhonde anapeza Aly, mchimwene wake wa Ancha, akukonza unyolo wa njinga. Atapatsana moni ndi kufunsana za kunyumba, Cremilde ananena chimene wadzera. Aly anaika sipanala pansi.

"Mwachedwa, mana. Ndinafufuta zonse. Achemwali anandipempha okha."

Cremilde anakhala pa mpando wa nsungwi asanauzidwe kuti akhale.

Anamulowetsa m'chipinda chamkati. Ancha anali pamkeka, atafunda nsalu kumutu, nkhope itaonda. Anagwira dzanja la Cremilde ndi manja onse awiri.

"Pepani, mana. Sindinadziwe kuti muli za ntchito. Ummi, mwana wathu wamkulu, akufuna kompyuta ya kusukulu. Koma akangoitsegula, abambo ake ali pomwepo, akuseka. Mwana ankalira, ine ndinkalira. Ndinati Aly, chotsa zonse, tipume."

"Simunalakwe, Dona Ancha," anatero Cremilde. "Ummi waigwiritsa ntchito chifufutireni?"

"Ayi. Ali kwa azakhali ake mpaka arubaini, sadaka ya tsiku la makumi anayi."

"Ndibwerekeni. Mwina china chatsalamo."

Ancha anayang'ana pakhomo pamene Aly anaima, kenako anagwedeza mutu. Aly anabweretsa kompyutayo m'chikwama chakuda chimene Cremilde anachizindikira pomwepo, chodukaduka lamba, chomangidwa ndi waya.

Ku ofesi sanaiyatse. Anatsegula kunsi kwake, n'kuchotsa disiki, n'kuilumikiza ku kompyuta yake kuti atenge kope lake lonse asanakhudze kanthu. Mwayi unali woti disikiyo inali ya mtundu wakale, ndipo Aly anafufuta mwachangu, kotero zambiri zinali zikadali pansi, zitangotaya mayina. Anayambitsa pulogalamu yofukula zofufutidwa, nayo inayamba kukwawa. Magetsi anazima ili pakati, ndipo batire ya ofesi, imene inali itatopa kale, sinapirire. Mawa lake anayambiranso.

Zimene zinatuluka zinali mulu wa mafayilo opanda mayina, ongolembedwa manambala. Munali nyimbo za Chisilamu za kaswida, makalata a sukulu, mapu a minda, ndi zithunzi zambirimbiri. Cremilde sankafuna kuziona, koma zinkangotseguka zokha pambali akamadutsa. Abdulai ali mnyamata, atavala malaya akuluakulu pa ukwati wake. Abdulai atanyamula khanda. Abdulai mu ofesi momwemo, pakamwa podzaza chimanga chootcha, Cremilde mwini ali kumbuyo kwake akukalipa chinachake. Chithunzi chimenecho anachiyang'ana nthawi yaitali. Kenako anapita kubafa, n'kusamba kumaso ndi madzi ozizira ngati a m'firiji, n'kubwerera pampando.

Anafufuza mawu amene ankadziwa kuti amapezeka mu estado. Anapeza zidutswa. Fayilo ina inayamba bwino, koma pakati pake panali zinyalala, pamene kufufuta kwa Aly kunawononga. Ina inali yathunthu. Koma atayang'anitsitsa anaona kuti inali yakale, ya mvula isanayambe. Chilichonse chimene Abdulai anamanga kuchokera nthawi imeneyo munalibe.

"Yapezeka?" anafunsa Belarmino atasuzumira pakhomo.

"Yapezeka yakale."

"Graças a Deus! Mulungu atamandike, ndiye zatha."

"Sizinathe, chefe. Zotsalazo ndiyenera kuzifufuza chimodzichimodzi n'kuuza pulogalamu kuti ichi n'chako, unamanga ndiwe."

"Zitenga nthawi yaitali bwanji? Alendo a ku Maputo akubwera sabata yamawa."

"Sindikudziwa."

Belarmino anatseka chitseko n'kupita.

Masiku otsatira anafanana onse. Cremilde ankadzuka kukadali mbuu kunyumba kwake ku Chiuaula, kutenthetsa madzi a ana, kuwaperekeza kusukulu, poti mwamuna wake Frederico ankagwira ntchito ku Cuamba ndipo ankabwera mwa apo ndi apo. Akafika ku ofesi zala zinali zitauma ndi chisanu. Ankatsegula mbali imodzi maseva enieni, mbali ina malangizo a Abdulai, n'kumafananitsa. Akapeza chinthu, ankakopera nambala yake yaitali, kuilowetsa, kufunsanso pulogalamu kuti ichita chiyani. Yankho linkafupika pang'onopang'ono. Nthawi zina linkatalikanso, chifukwa Abdulai anali atasintha zina ndi manja tsiku lina la changu osazilemba m'malangizo. Cremilde ankadzipeza akumukalipira mokweza, "Iwe Abdulai, apa unkatani?" Koma mpando wa pambali pake unali wopanda munthu.

Kuti manambala a alimi asasefukire, tsiku lililonse ankachotsa mauthenga akale ndi manja, ngati munthu wokapa madzi m'nyumba yodontha. Intaneti inkaduka masana. Maso ankamuwawa. Tsiku lina anagona tulo pa desiki dzuwa lili pamutu, n'kudzuka tsaya litadindika mabatani.

Alendo a ku Maputo anabwera, anaona zithunzi za alimi pakhoma, anamwa tiyi, anapita. Palibe anafunsa za estado.

Lachinayi la sabata yachitatu, pulogalamu inayankha mzere umodzi wokha: palibe chosintha. Cremilde anawerenga kawiri. Sanasangalale monga ankayembekezera. Anasamutsa fayiloyo kuiika pamalo a bungwe, pamene kope lililonse lakale limasungika, n'kupatsa Belarmino chinsinsi cholowera. Atatero anakulitsa malo a manambala aja, ntchito imene inatha asanamalize kumwa madzi.

Anabwezera disiki m'kompyuta ya Abdulai monga Aly anaisiyira, yopanda kanthu. Zithunzi anazikopera pa kafulashi. Anaganiza zozitaya, anaganizanso zongoziika m'chikwama chakudacho osanena, koma zonse ziwiri sizinamukhalire bwino.

Ku Assumane anapeza amayi akupeta mpunga wa sadaka pabwalo. Ancha anali m'chipinda chomwe chija.

"Mwapeza zimene mumafuna?"

"Ndapeza zokwanira. Obrigada, zikomo, Dona Ancha. Kompyuta ili monga munaiperekera, Ummi sapezamo kanthu." Anatulutsa kafulashi m'thumba la juzi. "Koma pofukula panatulukanso zithunzi. Zili umu. Sindinafune kuchita nazo kanthu musanadziwe."

Ancha anayang'ana kanthuko m'dzanja la Cremilde, koma sanatambasule lake.

"Zonse?"

"Zambiri. Za ukwati, za ana ali aang'ono."

Panja wina anaseka, lichero likulira. Ancha anakoka nsalu yake kuphimba pakamwa.

"Ine ndinali nditayamba kugona, mana," anatero motsitsa. "Zikhale kwa inu. Ummi akadzakula n'kufunsa, mudzam'patse. Ine musandionetse."

"Está bem," anavomera Cremilde.

"Mubwere ku sadaka. Ankakutchulani kwambiri. Ankati mana Cremilde ndi waukali, koma sataya ntchito."

Cremilde anabweza kafulashi m'thumba. Anatsanzika, n'kudutsa pakati pa amayi aja, mmodzi akumupatira mandasi m'pepala.

Mota inamutsitsa pa ofesi mphepo itayamba kuwomba. Asanavule n'komwe kapulana, foni ya pa desiki inalira. Anali mlimi wa ku Lione, akulankhula Chiyao chosakaniza, atakwiya. Uthenga unafika bwinobwino kuti galimoto ibwera lero, iye wakhala pamsewu ndi matumba ake chiyambire m'mawa, galimoto osaoneka. Za magalimoto sizinali za Cremilde, ndipo wozidziwa anali atapita kukadya. Anakoka mpando n'kukhala.

"Pepani, bambo," anatero. "Muli pati kwenikweni?"