Mabatani a Kumanzere

Sitiroko itawagwira a Medson, amuna anga, mu 1999, inawalanda dzanja lamanja. Ntchito ya kubungwe anasiya, kutchalitchi anasiya, ankangokhala pampando m'nyumba yathu ya ku Madaraka kuyang'ana khoma. Dokotala anandiuza mosabisa kuti munthuyu akapitiriza kutaya mtima chonchi, thupi lonse litsatira. Ndinachita mantha kwambiri.

Kale chomwe chinkawapengetsa chinali kakompyuta kamakedzana kolumikiza ku TV, komwe anabwera nako kuchokera kusukulu ku Ulaya. Gemu yake inali pa kaseti: kamunthu kokwera makwerero, njuchi zikukathamangitsa. Bambo wamkulu ndithu, koma ankakuwa ngati ali kusitediyamu. Vuto linali loti mabatani a gemuyo onse anali mbali ya kumanja.

Ine Lenah ndimalemba mapulogalamu ku ofesi ku Westlands, ndiye kakaseti kangandikanike ine? Ndinalowetsa kulira kwake konse, momwe munabisala gemuyo, mu kompyuta yanga, n'kutuluka manambala okhaokha, opanda liwu lofotokozera ngakhale limodzi. Loweruka lililonse ndinkasintha nambala imodzi n'kuona chimene chaonongeka. Njuchi zikauluka chagada, ndinkalemba pambali pa mzerewo kuti apa ndi pa njuchi. Makwerero akasowa, apa ndi pa makwerero. Abale, kukoma kwake! Zinali ngati kumasula chilundu cha telala wina kuti uone m'mene anachisokera. Tsiku lina m'minibasi ndinapitirira siteji yanga, mutu uli ku njuchi.

Kenako ndinapeza mzere wochotsera moyo wa kamunthu kaja kakalumidwa. Ndinangouthetsa, n'kujambula kaseti yatsopano, n'kuthamanga nayo.

A Medson anapingasa dzanja lamanzere kuti lifike pa mabatani a kumanja, n'kudina movutikira. Njuchi inaluma, kamunthu osafa. Inalumanso, osafa.

"Mayi a Tina," anatero mwakachetechete, "ndafika poti muzindinamiza ngati mwana?"

Anazimitsa TV. Manyazi anandigwira, mkwiyonso pomwepo, chifukwa ankanena zoona.

Ndinabwezeretsa mzere uja. Tsopano ndinasaka pamene gemu imamvera mabatani, ndipo apa ndiye wolemba gemuyo anabisa mochenjera. Sankafunsa chilembo, ankafunsa gulu la mabatani, n'kusefa limene ladinidwa, ndipo zidutswa zake anazimwaza uku ndi uku pofuna kusunga malo. Ndinamutukwana munthu wosamudziwayo, ndinamusiriranso. Nditapeza chidutswa chomaliza ndinakuwa mpaka Tina, mwana wathu wamkulu, anatuluka kuchipinda akuganiza kuti kwalowa wakuba.

Mabatani onse ndinawasamutsira kumanzere. China chilichonse sindinakhudze.

"Njuchi zake ndi zomwe zija, zimapha," ndinawauza. "Mukafa, mwafa nokha."

Anandiyang'ana mokayikira. Kaseti inalira, chithunzi chinabwera. Zala zamanzere zinagwa pa mabatani, kamunthu kanayenda, kanakwera, njuchi n'kukaluma. Kanafa pomwepo.

"Aa! Dzanja lopusa ili," anatero, akusendeza mpando kufupi ndi TV.

Anayambanso, kanafanso. Anayambanso. Thukuta linayamba kutsika pamphumi, phazi likugunda pansi.

"Ndichepetseko liwiro la njuchi?" ndinafunsa dala.

"Mungayerekeze. Zisiyeni zindilume mpaka ndizidziwe. Ndipo tasunthani, mukunditchinga."

Ndinasuntha. Ndinakalowa kukhitchini, n'kutseka chitseko kuti asandimve, ndipo ndinavina ndikulira.