Bwezamo George

Howard Manda sanali mfiti. Izi tizineneretu, chifukwa pa Nkhata Bay alipo anthu mpaka lero amene angagwire Baibulo n'kulumbira kuti anali. Iye anali chabe munthu wokonda kompyuta kuposa chakudya, ndipo matenda ake ena anali pakamwa.

M'chaka cha 2007 ankagwira ntchito m'kachipinda ka intaneti kuseri kwa msika, ka bwana wina wa maminibasi wa ku Mzuzu. Munali makompyuta atatu, koma imodzi inali yongosungira fumbi. Makasitomala ambiri anali azungu a zikwama kumsana, ochokera kumalo ogona alendo ku Chikale, odzalembera akwawo kuti akadali moyo. Iwo akangotuluka, Howard ankakhala pansi n'kuyamba sukulu yake.

Sukuluyo inalibe mphunzitsi wa choko. Anali atapeza mawebusayiti ophunzitsa kulemba mapulogalamu a kompyuta kwaulere, phunziro ndi phunziro, komanso bwalo lina la pa intaneti pomwe anthu osadziwana ankathandizana. Ukasiya funso lero, mawa unkapeza wa ku India wakuyankha, wa ku Brazil wakutukwana kuti funso lako n'lopusa, koma yankho lili pompo. Intanetiyo inkabwera pa waya wa telefoni, ikalira kaye ngati mwanapiye wopondedwa, ndipo tsamba limodzi linkatseguka mpaka munthu kuyasamula. Howard sankadandaula, anali ndi nthawi.

Chuma chake chonse chinali zala. Ankalemba ndi zonse khumi osayang'ana pa kiyibodi, ndipo anthu ankaima pakhomo kungoonerera. Mlongo wake Tryphena, wogulitsa kaunjika pamsika, ankauza aliyense wofuna kumva ndi wosafuna yemwe kuti zala zimenezo zidzamulowetsa mu ofesi ya ku Lilongwe. Howard ankamuletsa kuti asamatero, koma mumtima ankakhulupirira zomwezo.

Chimene anachikonda kwambiri chinali detabesi, nkhokwe ya m'kompyuta yosungamo mayina ndi mbiri za anthu. Phunziro la pa webusayiti linati wophunzira aikemo mayina ongopeka, a John ndi a Mary. Howard anaona ngati n'kusewera. Apekerenji anthu pamene Chikale yadzaza asodzi amoyo? Anatenga kakamera kamene mzungu wina anamusiyira, nakajambula asodziwo mmodzimmodzi, n'kuwalowetsa m'nkhokwe muja, dzina, nkhope ndi ntchito yake. Asodziwo anakondwera. Akagulitsa usipa m'mawa ankadzadzana m'kachipindamo, kununkha nsomba, aliyense akufuna aone nkhope yake pa sikirini.

Mmodzi wa iwo anali George Longwe, siginala, munthu uja amakhala yekha m'bwato laling'ono ndi nyali kukopa usipa kuti ubwere kuukonde. George anali wachipongwe chosatopa nacho. Tsiku lina anagwira dzanja la Howard n'kulionetsa kwa anzake, kuti taonani manja a mkwatibwi, sanagwirepo nkhafi chibadwire. Anthu anaseka. Howard anapsa mtima, ndipo mwatsoka sabata imeneyo n'kuti akuphunzira kufufuta.

"Ukapitiriza ndikufufuta," anatero.

"Fufuta tione, ada."

Analemba mzere umodzi n'kudina batani. Nkhope ya George inazimirira, pamalo pake panatsala poyera. Onse anafa nacho chiseko, ndipo amene anaseka kwambiri anali George yemweyo.

Tsoka silinunkha. Unali mwezi wa Juni, ndipo usiku womwewo mwera unadzuka. Maboti akuluakulu anabwerako movutikira, koma bwato la siginala silinaoneke. Anthu anafunafuna m'magombe onse, anapeza nyali imodzi yokha itasweka pamiyala. Pofika tsiku lamaliro opanda mtembo, nthabwala ija inali itasiya kukhala nthabwala. Amene anaseka aja ndiwo anayamba kukumbuka bwino mmene Howard anatuzulira maso, mmene anadinira batani, ndi mmene m'chipindamo munazizirira. Anthu akafuna kukumbuka zimene sizinachitike, amakumbuka mpaka mtundu wa malaya.

Tryphena anabwera m'mawa, kaunjika atamusiya osayala. Anamuuza zimene zinkanenedwa kumzere wa nsomba, namuchonderera kuti akwere minibasi yoyamba ya ku Mzuzu. Howard anamuseka. Anati anthu a mapemphero ngati amenewa sangakhulupirire zopusa zotero, ndiponso panali pulogalamu yaikulu imene ankaikopera kuchokera pa intaneti chiyambire dzulo, inali itatsala pang'ono kutha, ndipo akaidula ayambiranso poyamba. Pakadafunda padajiwitsa galu. Tryphena anakhala pampando wa makasitomala n'kuyamba kulira mwakachetechete.

Mwala woyamba unalowera pawindo dzuwa lisanafike pamutu. Wachiwiri unaphwanya kompyuta yakufa ija. Kenako chitseko chinagwera mkati, ndipo analowa Weston, mkulu wake wa George, chimunthu cha mapewa ngati chitseko chomwecho, nkhafi ili m'manja. Sanafunse kanthu. Anamugwira Howard pakhosi n'kumukokera panja, nsapato imodzi kutsalira pansi pa tebulo.

Panja panali anthu ochuluka kuposa a Lamulungu kutchalitchi. Chibakera choyamba chinamutseka diso. Atagwa, zinabwera zidendene, m'nthiti, kumsana, kumutu. Mayi wina amene Howard anamulemberapo kalata yopita kwa mwana wake ku Joni anamumenya ndi mtengo wa chinangwa mpaka unathyoka. Iye ankayesa kufotokoza kuti chija chinali chithunzi chabe, koma mawu ankatuluka pamodzi ndi magazi. Tryphena anadziponya pamwamba pake, wina anamumenya chigongono pakamwa, dzino n'kugwera m'fumbi, ndipo amayi anzake a pamsika anamukoka n'kumupanikiza kukhoma. Howard anachita mantha enieni ataona tayala lakutha likugubuduzidwa kuchokera kusiteji ya maminibasi, wina akubwera pambuyo ndi kachigubu ka petulo. Anapinda manja n'kuwabisa m'khwapa, osadziwa n'komwe kuti akutero.

Anamupulumutsa ndi aNyaThole, mayi wa George. Anali mayi wamng'ono thupi, wouma, maso atatupa ndi kulira. Anadutsa pakati pa anthu n'kuika phazi pa tayala lija.

"Mukamuotcha, mwana wangu andibwezera ndani?"

Anthu anayang'anana. Khoswe akakhala pamkhate sapheka. Weston anamudzutsa Howard pomukoka lamba, namubwezera m'kachipinda muja, n'kumukhazika pamaso pa kompyuta. Anthu anadzaza mpaka pawindo losweka, ndipo ena anaima pakhomo kuti pasatuluke munthu.

"Bwezamo George," anatero Weston.

Kubweza kunali kotheka. Lamulo loyamba limene Howard anaphunzira pabwalo la pa intaneti lija linali lakuti usanafufute kanthu, sunga kope lake pambali, ndipo iye anali atatero. Koma ngakhale mutu unkalira ngati ng'oma, anaona msampha wake bwinobwino. Akakana, tayala linali kumudikira panja. Akabweza, ndiye kuti wavomera kuti batani limene lija lili ndi mphamvu pa moyo wa munthu. Anayang'ana aNyaThole, anayang'ana nkhafi, nasankha kukhala moyo.

Vuto linali lakuti kubwezako anali asanakuchitepo, phunziro lake linali la sabata yamawa. Anayenera kukafunsa kubwalo. Tsamba linayamba kutseguka mwaulesi wake wa masiku onse, ngati kuti palibe munthu akufa. Weston ankagogoda nkhafi pansi. Magazi a pamphuno ankadonthera pa mabatani, zala n'kumaterera. Anapeza funso la munthu wina wakutali amene zaka zapitazo anafufuta mwangozi makasitomala onse a bwana wake, ndipo pansi pake panali yankho lomveka bwino, mizere yochepa. Koma woyankhayo, monga amachitira anyamata a pa intaneti pofuna kuoneka oopsa, anali ataika chithunzi cha chigaza pambali pa dzina lake.

Chingerezi cha patsambapo sanachiwerenge aliyense, koma chigaza anachiona onse. Mayi wina anafuula dzina la Yesu. Wina anati mwaona, ndi amenewo mabwana ake. Mbama inatera pa khutu la Howard mpaka sikirini inaoneka iwiri. Anakopera mizere ija, nalakwitsa chilembo chimodzi, kompyuta n'kutulutsa mawu ofiira okana. Weston anamugunda ndi chigwiriro cha nkhafi pakati pa mapewa. Howard anapukuta diso lotsala lija, analembanso pang'onopang'ono, nadina.

Nkhope ya George inabwerera, akuseka, chipewa chake chong'ambika chili pambali pa mutu. ANyaThole anasendera pafupi, nayamba kusisita tsaya la mwana wawo pagalasi ndi chala chimodzi, akumuitana dzina lake laubwana. Howard anamva chisoni chachikulu, ndipo anachita manyazi ngati wawabera kanthu mayiwo.

Sanamulole kupita. Anamukhazika pansi pakona, Weston ali pambali pake, kudikira kuti aone ngati zagwira. Masana dzuwa litapendeka, foni ya Weston inalira. Anali mwini boti wina, akuimba kuchokera kumpoto, cha ku Usisya. Ankalankhula mokweza moti aliyense ankamva. George ali moyo. Mwera unamukankhira kutali, asodzi a kumeneko anamutola atakakamira bwato lake, ndipo wakhala akumwa phala m'mudzi wina kopanda netiweki chiyambire dzana.

Nthungululu zinang'amba denga. Anthu anakumbatirana, aNyaThole anagwa pansi n'kumagubuduka. Howard yekha ndiye anamva mawu amodzi aja, ndipo anawagwira ngati munthu womira.

"Dzana," anatero. "Mwamva? Anamutola dzana, ine ndisanabweze chilichonse."

Palibe anamumvera. Ndipo chisangalalo chitayamba kuphwa, anaona maso akutembenukira kwa iye mmodzimmodzi. Sanali maso aukali ngati a m'mawa aja. Anali maso a anthu amene tsopano atsimikiza, ndipo ambiri mwa iwo nkhope zawo zinali m'nkhokwe momwemo.

Weston anagwada patsogolo pake, misozi ikutsika, namuthokoza m'Chitonga, yewu ada, yewu ukongwa. Kenako analankhula mofatsa, ngati akukambirana za mtengo wa ukonde.

"Koma zala zabwezazi ndi zomwe zinachotsa. Nanga mawa ukadzakwiya ndi ine?"

Sanamuotche, poti anali atabweza. Anthu anaona kuti chimenecho n'chilungamo. Amuna awiri anamugwira mikono n'kuyala manja ake patebulo, pambali pa kiyibodi. Howard analonjeza kuti achoka pa Nkhata Bay lero lomwe, kuti sadzakhudzanso kompyuta, nawapempha kuti bola athyole mwendo ngati akufuna. Weston anatembenuza nkhafi kuti itere ndi m'mphepete mwake. Anayamba ndi dzanja lamanja, ndipo sanafulumire. Tryphena, ali kukhoma kuja, anamva kulira kwa mafupa kenako kwa mchimwene wake, mpaka mchimweneyo anasiya kulira. Potuluka, anthu anaphwanya kompyuta ina yamoyo ija, koma ija inali ndi nkhope zawo anainyamula mosamala, ataikulunga m'chitenje, kuti pasapezeke woikhudza.

Kuchipatala anamuuza zoona. Manja adzapola, adzatha kugwira kapu ndi kumanga mabatani a malaya akaphunzira, koma zala zambiri zidzakhala zopindika ndi zouma. Za ku Lilongwe Tryphena sanazitchulenso. Howard ankagona chagada, manja onse awiri ali m'mabandeji mpaka m'zigongono, akuyang'ana kudenga. Nthawi zina ankamva zala zake zikulemba zokha mkati mwa mabandejimo, ndipo pamenepo ndi pamene ankalira.

Tsiku lina masana, nthawi yoona odwala, analowa aNyaThole atavala za kutchalitchi. Tryphena anaimirira kuti awathamangitse, koma mayiwo anali atagwada kale pambali pa bedi. Anabweretsa nthochi. Anasenda imodzi n'kumudyetsa Howard ndi dzanja lawo, monga amadyetsera mwana, akumuuza kuti George wafika, wawonda koma akuyenda, ndipo iwo zimene anachita Weston sanagwirizane nazo ngakhale pang'ono. Howard anatafuna, poti panalibe china choti achite.

Kenako mayiwo anamasula mfundo ya pakona ya chitenje. Munali kachithunzi kakale, kothimbirira, ka bambo wovala jekete lalikulu ataima pambali pa bwato. Anati ndi amuna awo, bambo wa George, amene nyanja inawatenga George akuyamwa, ndipo mtembo wawo sunapezeke.

"Sindikukufulumizitsani, ada," anatero monong'ona. "Zala zikapola."

Anaika chithunzicho pachifuwa pake, nachikonza kuti chikhale bwino, n'kutuluka mwaulemu. Howard anafuna kuchikankhira pansi, koma analibe chokankhira.