Madola 16,500 Pofika 11 Koloko

Tusekile anafika kunyumba ku Girrawheen, mumzinda wa Perth ku Australia, cha m'ma 3 koloko masana, Lachinayi, pamphuno pali mzere wofiira wa masiki amene anavala chiyambire m'bandakucha. Unali mwezi wa Malichi 2020. Ku chipatala cha ku Fremantle, kumene ankagwira unamwino, anali atayamba kukonza mawodi kudikira odwala kolona. Lamulo lake masiku amenewo linali lakuti nsapato zitsale pakhomo, yunifolomu ilowe m'jumbo, iye alowe m'bafa asanakhudze munthu.

Koma tsikuli mwamuna wake Zikani anamutchingira njira ya kubafa, atanyamula laputopu ndi manja awiri ngati mbale ya chopereka.

"Mayi a Angel, pali kankhani pang'ono."

"Ndisambe kaye."

"Kakufunika lero."

Tusekile anakhala pampando wa pulasitiki, kutali ndi iye, n'kumvetsera. Nkhaniyo inatuluka mozungulira, monga zimatulukira nkhani za munthu amene anaphunzira za chuma ku Zomba koma tsopano amasambitsa nkhalamba za azungu. Titaiwongola, inali chonchi.

Kwa zaka zisanu ndi chimodzi awiriwa anasunga madola 60,000, dipoziti ya nyumba ku Armadale kumene nyumba zinali zotchipako. Zambiri zinachokera m'mashifiti owonjezera a Tusekile, a Loweruka, a Lamlungu, a Khirisimasi. Chaka chatha Zikani anati ndalama siyenera kugona, aigulire masheya, ndipo Tusekile anavomera. Zimene sanavomere, poti sanafunsidwe n'komwe, ndi zakuti Zikani anakongola madola ena 90,000 kubanki n'kugulanso masheya, masheya omwewo n'kukhala chikole. Zonse pamodzi zinali 150,000. Banki inali ndi lamulo limodzi: pa madola 100 alionse a mtengo wa masheya, ngongole isapitirire 70.

Ndiye kunabwera kolona. Masheya anatsika kufika pa 105,000. Ngongole, poti sidwala, inali 90,000 yomweyo.

"Ndiye banki yalemba," anatero Zikani, akutembenuza laputopu. "Akuti tiikemo 16,500 pofika 2 koloko mawa. Apo ayi agulitsa okha masheya, a 55,000, amene iwo afuna, pa mtengo uliwonse."

Tusekile anawerenga uthengawo kawiri.

"2 koloko ya ku Sydney iyi. Kuno ikhala 11 koloko m'mawa. Simunaone?"

"Ndinaona."

"Simunaone. Pa 60,000 yathu ija patsala zingati?"

"Papepala, 15,000. Koma ndi papepala chabe, mayi a Angel, sitinagulitse ayi."

"Mashifiti anga sanali a papepala."

Anaimirira, n'kukhalanso. Ankafuna kuponya chinachake, koma chilichonse chimene akanagwira akanayenera kuchipukutanso ndi mankhwala.

Zikani anayamba kufotokoza kuti iye sanali wotchova njuga. Anali atagawa chuma mwanzeru. Mlimi wochenjera sadalira munda umodzi, anatero, ndipo iye anali ndi minda khumi ndi iwiri, makampani khumi ndi awiri osiyanasiyana.

"Atchuleni."

Anawatchula. Kampani ya ndege. Ina ya ndege. Yogulitsa matikiti a ndege. Bwalo la ndege. Awiri a mafuta. Ya mahotela. Ya malo oonetsera mafilimu. Ya malo a juga, imene anaitchula motsitsa mawu poti anali mkulu wa mpingo. Mabanki atatu.

"Bambo a Angel, ndege ikapanda kuuluka, mafuta agula ndani? Wogona mu hotela atsika kuchokera kuti? Minda yanu khumi ndi iwiriyo ili m'dambo limodzi. Mtsinje wasefukira kamodzi basi."

"Palibe anadziwa kuti dziko lonse litsekedwa."

"Ndiye n'chifukwa chake munthu sakongola! Ndalama yapadera ija ili kuti, 8,000 ya ngozi?"

Theka linapita kumudzi mu Januwale kukamalizira mpanda ndi geti pa nyumba imene ankamanga kumeneko. Theka lina Zikani anagulira masheya a ndege masabata awiri apitawo, ataona kuti atchipa. Anatchipadi. Kenako anatchipanso.

"Koma musade nkhawa," anatero, ndipo nkhope yake inawala pang'ono, zimene zinamukwiyitsa Tusekile kuposa zonse. Anatsegula chithunzi chozungulira, chodulidwadulidwa ngati chigumu, gawo lililonse ndi mtundu wake. Panali gawo lalikulu lobiriwira lolembedwa kuti chuma chotetezeka. "Ichi ndiye chishango chathu. Nyumba ya ku Area 25. Ili pa madola 40,000 osachepera. N'chifukwa chake sindinkaopa ngongole. Zikavuta timagulitsa, kapena timaipinyolitsa."

Tusekile anayang'ana gawo lobiriwiralo. Nyumbayo ankaidziwa pa zithunzi za pa foni zokha: maziko, lenta, malata, achimwene ake a Zikani ataima kutsogolo atagwira m'chiuno. Mkuluyo, a Aloysius, ndiye ankayang'anira ntchito yonse ku Lilongwe.

"Imbani," anatero. "Kumudzi ndi 10 koloko m'mawa. Imbani, mukweze mawu ndimve nawo mmene chishango chimagwirira ntchito."

A Aloysius anayankha foni itaitana kachitatu.

"Eee, bwana wa ku Australia! Mwadzuka bwanji kumeneko? Mlamu ali bwanji? Nanga Angel, mzungu wathu?"

Munthu safikira pa ndalama kwa mkulu wake. Zikani anafunsa za umoyo wa achimwene, wa alamu, wa ana anayi mmodzimmodzi. Anafunsa za mvula. Anamva kuti chimanga chachita bwino ku Mitundu koma mbozi zavuta. Anamva za maliro a aphunzitsi ena amene sankawakumbukira, ndipo anapepesa mokwanira. Tusekile ankayang'ana wotchi ya pa uvuni. Moni yekha anadya mphindi khumi ndi zinayi.

"Achimwene, kunoko kwavuta pang'ono. Ndimaganiza za nyumba ija. Kodi munthu atafuna kugula mwachangu..."

"Nyumba iti?"

"Ya ku 25."

A Aloysius anaseka mpaka kutsokomola.

"Iwe Zikani, matendawa akulowa m'mutu? Nyumba ya amayi?"

"Ya amayi bwanji?"

"Si ndinakuuza mu Disembala kuti abwera kuchipatala ndi miyendo ija? Ndiye abwererenso ku Mitundu kukatani, mwana wawo ali ndi nyumba yongokhala? Alimo, ndi Annastazia wowasamalira, ndi ana ake. Adzala kale mpiru kuseri. Dzulo lomweli amauza azimayi a mvano kuti mwana wanga wandimangira ndisanafe. Ukufuna uwatulutse iweyo? Ndikupatse foni uwauze wekha?"

"Ayi, ayi, sindikunena zowatulutsa. Mwina kungotengera ngongole kubanki ndi mapepala a poloti."

"Mapepala ali ku ofesi. Ndinakasiya chaka chatha."

"M'dzina la ndani?" anafunsa Tusekile, osadikira kupatsidwa mpata.

"Aa, mlamu muli pompo? Mwaswera bwanji? M'dzina langa, mongoyembekezera. Amafuna munthu woti asaine pamaso pawo, ndiye mwini wake ali kutsidya kwa nyanja. Ndi za pabanja izi, palibe chovuta."

"Zikomo alamu. Nanga titati tikufuna ndalama mawa m'mawa?"

"Mawa? Mlamu, nyumba si tomato. Ngakhale mbuzi timayamba taitsatsa." Anasekanso. "Komatu mwachita bwino kuimba. Akuti tizisamba m'manja pafupipafupi, ndiye madzi kuno amabwera mwa apo ndi apo. Amayi akufunika thanki. Ndafunsa kale mtengo, ndikutumizira pa foni."

Zikani anati aona. Anatsanzika bwinobwino, n'kupereka moni kwa onse. Foni itaduka, anakhala akuyang'ana chigumu chake.

"Gawo lobiriwiralo," anatero Tusekile, "muli amayi anu, muli Annastazia, muli mpiru, ndipo ndi la a Aloysius. Likufunanso thanki. Ndikasambe tsopano?"

M'bafa analira, koma kunali kulira kwa ukali, kokukuta mano. Chimene chinkamuwawa sichinali apongozi kukhala m'nyumbamo. Iyenso akanawaika amayi ake. Mmalawi aliyense wa ku Perth ankadziwa kuti nyumba yomanga kumudzi uli kunja ndi ya abale, mwini wake amangolandira zithunzi. Zikani yekha, ndi digiri yake, ndiye anailemba ngati ndalama ya m'thumba n'kukongolerapo 90,000.

M'mawa wa Lachisanu msika wa masheya unkatsegulidwa 7 koloko nthawi ya ku Perth. Tusekile anali wa shifiti ya masana. Anapeza Zikani ali kale patebulo ndi mndandanda wa mayina.

"Ndaganiza," anatero Zikani. "Tikapempha a kutchalitchi. A Fidelis angathe 3,000. Amayi Philomena mwina 2,000. Gulu la chipereganyu likhoza kutipatsa mwezi uno m'malo mwa Julaye. Tikafika 16,500, masheya sagulitsidwa, msika ukadzuka tonse tibwerera."

"A Fidelis awachotsera mashifiti sabata ino. Amayi Philomena akulipirira mwana sukulu. Mukufuna muzimitse ngongole ndi ngongole, ya anthu osauka kuposa ife?"

"Ndi masabata ochepa chabe."

"Mwauzidwa ndi ndani? Tikaika 16,500 lero, Lolemba msika n'kutsikanso, banki ilemba kalata ina. Mupita kwa ndani? Kwa abusa?"

"Ndiye tigulitse a 55,000 tokha, tisankhe ife. Titsala ndi masheya a 50,000."

"Ndi ngongole ya 35,000." Tusekile anakoka envelopu ya bilu ya magetsi n'kulemba kuseri kwake. Masamu a mankhwala ankawachita tsiku lililonse, ndipo kumeneko ukalakwitsa munthu amafa. "Masheya a 50,000 atatsika ndi magawo atatu pa khumi, monga atsikira mwezi uno, atsala 35,000. Kuchotsa ngongole, yankho ndi chiyani, aphunzitsi?"

Tusekile anadziyankha yekha.

"Ziro. Ndikufuna mugulitse mpaka ngongole yonse ithe. Zotsalazo zikhale zathu zenizeni, zopanda munthu wotilembera kalata."

"Mayi a Angel, kumeneko ndi kugulitsa pansi penipeni! Aliyense wodziwa za msika akuuzani. Ukatsika chonchi umadzakwera. Chaka chamawa tidzalira."

"Mwina udzakwera. Mwina mukunena zoona, ndipo mudzandinena mpaka ukalamba. Koma wodikira kukwera ndi amene alibe ngongole. Inu mulibe chaka, muli ndi maola anayi." Anamuyang'anitsitsa. "Kuntchito kwathu akutiphunzitsa kuvala zodzitetezera ngati tikupita kunkhondo. Nditadwala ine, n'kukhala miyezi iwiri osagwira ntchito, lendi ya nyumba ino mulipira ndi chiyani? Ndi masheya a ndege?"

"Musayankhule choncho."

"Ndiyankhula. Munaika pachikole thukuta langa osandifunsa. Lero ndikusankha ndine."

Msika unatsegulidwa. Manambala pa laputopu ankasintha ngati akuphethira. Zikani anayamba ndi mabanki, kenako mafuta. Atafika pa kampani ya ndege imene ankaikonda, dzanja linaima.

"Iyi yokha tiisiye. Yatsika kwambiri, singatsikenso."

"Munateronso masabata awiri apitawo. Dinani."

Anadina. Ena anagulidwa pa mtengo wotsikirapo kuposa wa dzulo, poti wogulitsa mothamanga sanenerera. Pofika 9 koloko ngongole inali itatha. Panatsala masheya a madola 13,200, a makampani atatu. Pa ndalama imeneyo ku Armadale sakanawapatsa ngakhale khomo la galaja.

Zikani anatsamira mpando, maso ali kudenga.

"Mwagulitsa pansi," anatero motsitsa.

"Ndagulitsa. Ndipatseni pasiwedi."

"Ya chiyani?"

"Ya akauntiyi. Ndi ya kubanki. Lembani apa, pansi pa ziro wanuyu."

Analemba. Tusekile anapinda envelopuyo n'kuiika m'chikwama cha kuntchito. Kenako anatenga foni n'kulembera sisitala wamkulu wa wodi kuti mashifiti onse owonjezera a Epulo amuike, ngakhale a kuwodi ya kolona imene ena ankaikana. Yankho linabwera asanamalize kumanga nsapato: amuika asanu ndi anayi.

"Ku wodi imeneyo ayi, mayi a Angel," anatero Zikani ataona uthengawo. "Chonde. Ndipeza ntchito yachiwiri ine."

"Ipezeni. Zonse ziwiri zifunika." Anatsegula chitseko. "Ndipo za thankiyo muwayankhe nokha achimwene anu. Muwauze chilungamo, kuti bwana wa ku Australia alibe."