Nkhuni Zaziwisi za Kerttu

Loweruka pa 15 Sepitembala 1962, Kerttu Hynninen anali atatsala ndi basi imodzi yokha yobwerera kwawo, ya 4 koloko. Anatha masiku asanu ndi limodzi pafamu ya Mayi Impi Rossinen kufupi ndi tauni ya Kuopio, kusaka liwu limodzi loti lilowe m'buku lotanthauzira mawu a kumidzi.

Liwulo linali "tihisee". Kakhadi kena ka ku ofesi ya bukulo, kolembedwa mu 1894, kankati anthu a dera limeneli amalitchula pomva kulira kwa nkhuni yaiwisi pamoto. Mkonzi wa bukulo ananeneratu kuti popanda munthu wamoyo wolinena, tanthauzolo alifufuta Lolemba. Lamulo la ntchito linali lakuti wofufuza asalitchule yekha kapena kulilozera. Lizituluka lokha m'kamwa mwa mwini wake.

Mayi Impi anali atamupatsa mawu ena khumi ndi anayi: la mphaka wokwiya, la tsekwe, la mowa wowira, la chifuwa cha malemu amuna awo. Koma nkhuni zawo zinali zouma zaka ziwiri, ndipo sizinkalira pamoto.

Masana amenewo Mayi Impi anatuma Kerttu kukakoleza moto wa sauna, kanyumba kosambiramo nthunzi. Iye anadutsa mulu wouma uja n'kukatola nthambi zimene zinadulidwa Lachinayi. Anaziunjika pamakala. Thovu linayamba kutuluka kunsonga kwake, kenako kaphokoso kaja, syiii.

Mayi Impi anafika akutsokomola ndi utsi.

"Kodi ku Helsinki kumeneko amakuphunzitsani chiyani, mwanawe? Sukulu yonse ija, nkhuni osazidziwa?"

"Zalakwika pati, mayi? Motowu ukuyaka."

"Ukuyaka? Ukufuna tisambe pa Khirisimasi?"

"Ine ndikuona bwinobwino," anatero Kerttu, pensulo ali nayo kale kumbuyo.

"Maso ulibe, makutunso ulibe? Tamvera. Tihisee. Nkhuni ikatero ndiye kuti idakali ndi madzi. Ngakhale mwana amadziwa."

Kerttu analemba msanga: liwu, chiganizo chonse, dzina la mayiwo, zaka zawo 78, nthawi 2:40. Kenako anawakumbatira mayiwo mpaka mpango wawo unagwa.

"Wapenga iwe? Wandionongera sauna ya Loweruka, ukusekanso?"

"Mwalinena nokha, mayi. Ine sindinatchule kanthu."

"Limeneli? Ukanangondifunsa Lolemba lija."

"Sindiloledwa."

Mayi Impi anapukusa mutu n'kumupatsa chopanira. "Basi yako ikadalipo. Chotsa zinyalala zakozi kaye."