Palibe Anaimirira

Malo anga ali pansi, kuseri kwa msika wa nyama mu Athens muno. Umatsika masitepe opapatiza n'kupeza matebulo othinana, oimba atakhala pamipando yawo, ndi kabwalo kovinira kosaposa chipinda chogona. Achinyamata a masiku ano amathamangira kumalo akuluakulu a kunyanja, kumene magetsi amathobwa m'maso ndipo woimba umamuonera patali ngati nyerere. Apite. Kwa ine woimba akatsokomola umamva, ndipo ndimanyadira zimenezo.

Lamulo la pabwalo langa ndinalipeza, sindinaliyambitse ine. Munthu akapempha nyimbo ya gule wa zeyibekiko, nyimboyo ndi yake ndipo amavina yekha. Anzake amagwada m'mbali n'kumamuwombera m'manja. Woimirira n'kulowamo, ngakhale mkazi wake weniweni, wamunyoza. Makolo athu ankatulutsirana mipeni pa nkhani yomweyi.

Pa gule ameneyu panalibe wofika pa achimwene anga a Stamatis, odula nyama pamsikapa. Chimunthu cha mimba, koma akangotambasula manja anthu ankaiwala chakudya. Kenako sitiroko inawagwetsa ali pantchito, mwendo wakumanzere n'kusanduka katundu wochita kukoka. Anadzitsekera m'nyumba chaka chathunthu, osafuna kuonedwa ndi aliyense. Ndinkawakwiyira, komanso ndinkawasowa koopsa.

Lamlungu lina madzulo, oimba atangoyamba, ndinamva ndodo pamasitepe: go, go, go. Anali iwowo, atavala jekete la paukwati lomwe silinkamangikanso, alamu anga a Foteini ali pambuyo thukuta lili kamukamu.

A Foteini anandikokera kukhitchini. "Mlamu, aletseni. Akuti akufuna kuvina. Akagwa pamaso pa anthu onsewa sadzatulukanso m'nyumba muja mpaka tsiku lowanyamula. Ndikuwadziwa ine."

Ndinawapeza atakhala patebulo lawo lakale. "Achimwene, mwabwera kudzadya kapena kudzatidwalitsa mtima?"

"Iwe Evanthia, mamina ako ndinkapukuta ndine. Kandiitanire Lambros."

Lambros, woimba wathu wa buzuki, chida cha zingwe chonga gitala, anali atawaona kale. Anakuwa ali pampando: "Stamatis! Ife timati unafa. Tinakulira mpaka kumwa vinyo yense wa mlongo wakoyu!"

"Ndadzuka kuti ndidzaone ngati unaphunzira kuimba. Ndipatse yanga ija."

Ndikanatha kuletsa, malo ndi anga. Koma ndinaona mmene anagonekera ndodo patebulo, mwakachetechete, ngati munthu woti waganiza kalekale. Ndinangovula epuloni n'kukagwada, ine ndi mawondo anga owawawa.

Wachiwiri kugwada anali Thanasis wogulitsa nsomba. Iyeyu ndi achimwene sankalankhulana kuyambira kale, chifukwa cha madzi onunkha omwe ankayenderera kuchoka pabenchi pake kulowa pa achimwene. Sanagwade m'mphepete monga timachitira. Anagwada mkati ndithu, pafupi kwambiri.

"Sendera uko, ukununkha nsomba," anatero achimwene.

"Pansi pano si pako. Vina zako, nkhalamba iwe."

Ena ataona anamvetsa. Odula nyama, akazi awo, operekera zakudya, ngakhale alendo awiri amene sankadziwa chomwe chikuchitika, onse anagwada mothinana mpaka bwalo linachepa. Paliponse pamene achimwene akanapendekera panali phewa la munthu.

Lambros anayamba pang'onopang'ono, pang'onopang'ono kuposa mmene ndinamumverapo. Anali maso pa mwendo wakufa uja, ndipo ukamakokeka iyenso ankakoka chingwe, ukafika n'kumenya. Zeyibekiko ndi gule wa munthu wodzandira ndi chisoni, ndiye kudzandira kwa achimwene sikunaoneke kwachilendo. Anatambasula manja, mutu pansi, n'kuyamba kuzungulira.

Pofika pakati anafuna kutembenuka mwachangu ngati kale. Mwendo unakana. Anagwera pa bondo, thupi lonse lija, mpaka matambula analira pamatebulo.

A Foteini anadzambatuka. Ndinawagwira siketi n'kuwakokera pansi.

"Gwadani, mlamu!"

"Ndi mwamuna wanga!"

"Ndi nyimbo yawo. Wombani m'manja!"

Anawomba, misozi ili mbwembwembwe. Lambros sanasiye. Anabwereza mzere womwewo, n'kuubwerezanso, ngati nyimboyo inapangidwa choncho. Achimwene anali chigwadire, akupuma mwabefu, nkhope itafiira. Ndinadziwa kuti nyimbo ikawathera ali pansi pomwepo, ndiye kuti masitepe anga awatsika komaliza.

Kenako anakweza dzanja n'kumenya pansi ndi chikhatho: pha! Ovina enieni amatero, amatsika n'kumenya pansi. Anamenyanso, pha, mogwirizana ndi Lambros, ndipo chipinda chonse chinakuwa. Dzanja lija pobwerera linagwera pa phewa la Thanasis. Thanasis sanawayang'ane, sanawagwire, sanasiye kuwomba m'manja. Anangouma gwa ngati chigogo chodulirapo nyama, mitsempha ya m'khosi itatuluka. Achimwene anadzuka.

Anamaliza nyimboyo ali chiimire, manja ali m'mwamba. Ine ndaona oimba otchuka akubwera kudzabisala kwa ine akatopa ndi magetsi a kunyanja, ndaona ovina ochita kudumpha matebulo, koma sindinanyadirepo malo anga ngati tsiku limenelo. Wina anaswa mbale chifukwa cha chisangalalo, ndipo kwa nthawi yoyamba sindinakalipe.

Achimwene atakhala pansi, Thanasis anabwera akusisita phewa n'kudzithirira vinyo wawo osapempha. "Ukudya kwambiri iwe. Mawa nsomba ndinyamula bwanji?"

"Uzinyamula ndi fungo lakolo," anatero achimwene, koma anamukankhira mbale ya nyama yootcha.

Anthu atabwerera ku zakudya zawo, achimwene anandikodola. Mawu awo anatsika mpaka ndinachita kuwerama.

"Evanthia, undiuze zoona. Alipo analowa kudzandigwira?"

"Palibe, achimwene. Palibe anaimirira."

Anayang'ana kabwalo kaja nthawi yaitali. Kenako anapukuta ndevu n'kutembenukira kwa akazi awo.

"Foteini, jeketeli ulikulitse. Lamlungu tikubweranso."