Bondo la Atelala

"Tabweretsa kuno ndikaone bwino kamunthu kako," anatero bambo ake, akukankhira magalasi pamphuno. "Ndiye kamangopindika chonchi tsiku lonse, osatopa?"

"Ndi kojambula, bambo. Kalibe mafupa."

Chitsiriza, monga ankamuitanira bambo akewo chifukwa ndiye anali wotsiriza kubadwa, ankaphunzitsa yoga, masewero owongola thupi, m'chipinda cha kuseri kwa sitolo ya mankhwala. Kale ankakonza phunziro m'mutu, uku akusesa chipindacho. Tsopano anali atangoika pulogalamu m'foni mwake. Inkafunsa mafunso okhudza wophunzira, kenako n'kundandalika zochita: choyambira, chotsatira ndi popumira. Chilichonse inkachisonyeza ndi kamunthu ka mizere, kamutu kozungulira.

Bambowo anali kalipentala, koma msana unawasiyitsa ntchito. Chimwalirire mayi, ankangokhala pakhonde n'kumaonerera odutsa. Adokotala ananena kuti thupi likufuna kuwongoledwa. Chitsiriza anawanyengerera mpaka anavomera kubwera Lachinayi.

"Kamodzi kokha," iwo anamuchenjeza. "Azimayi ako aja akandiseka, usadzandiitanenso."

Ndiye madzulo ena, Lachinayilo lisanafike, anakhala limodzi pakhonde kuti awakonzere zawozawo.

"Ikufunsa kuti ndinu ongoyamba kumene kapena ozolowera."

"Ongoyamba? Ine? Ndinayamba kuwerama iwe usanabadwe. Lemba ozolowera."

"Ikufunsanso ngati pali pamene pamawawa."

"Akufuna kudziwayo ndani? Foniyo? Iuze kuti palibe."

Chala cha Chitsiriza chinaima m'malere. Ankawamva m'mawa uliwonse akubuula podzuka. Ankadziwanso chifukwa chake anasiya nsapato za zingwe. Koma kuwatsutsa bambo ake pa nkhani ya thupi lawo, iwo akumuyang'ana pamwamba pa magalasi, kunamukanika. Anadina kuti palibe.

Foni inaganiza pang'ono, kamunthu kaja n'kuyamba ntchito. Kanaima ndi mwendo umodzi. Kanapindikira kumbuyo mpaka kukhala ngati mlatho. Kenako miyendo inaloza kumwamba.

"Kagwa?"

"Ayi, kaima ndi mutu."

"Ndi mutu. Miyendo kali nayo iwiri, koma kasankha mutu." Anaseka mpaka kutsokomola. Kenako kusekako kunatha, ndipo anayang'ana kamunthuko nthawi yaitali. Anabweza foni. "Komatu ndakumbukira. Lachinayi atelala anandipempha kuti ndikawaonere chitseko."

Atelalawo anali mnzawo wa kalekale, ndipo chitseko chawo chinalibe vuto lililonse.

Chitsiriza akanatha kungosintha mayankhowo ali yekha. Koma bambo anali ataona kale zawo. Kuwapatsa zofewa tsopano kukanakhala ngati kuwauza kuti atha ntchito, ndipo sakanaponda n'komwe pakhomo la chipinda chija.

M'mawa mwake, akudikira madzi kuti awire, anayamba kuseweretsa pulogalamuyo kuti aone m'mene imaganizira. Anaiuza za mayi woyembekezera, kamunthu n'kugona chammbali, pilo pakati pa mawondo. Anaiuza za munthu wa chizungulire, kamunthu n'kutsamira khoma. Anainamiza kuti wophunzira wina ali ndi zaka zana, ndipo sinadabwe. Inangokakhazika kamunthu pampando. Sinkaseka munthu, sinkamutsutsanso. Inkangokhulupirira chilichonse chimene yauzidwa.

Ali mkati moganiza zimenezo, anaona pawindo bambo ake atagwetsa pensulo pakhonde. Anaiyang'ana pansipo. Anayang'ana uku ndi uku. Kenako anaikankha ndi phazi pang'onopang'ono mpaka m'mphepete mwa khonde, anatsika masitepe atagwira mzati, n'kukaitola ali chiimire m'munsimo. Anaiika kukhutu ngati palibe chachitika.

Chitsiriza anawapititsira tiyi, foni ili m'thumba.

"Bambo, ndithandizeni. Ndikufuna ndidzawaitanenso atelala tsiku lina, koma kuwafunsa za m'thupi mwawo ndikuchita manyazi. Inu mumawadziwa bwino."

"Ameneyo? Anatha kalekale ameneyo. Tulutsa foni."

"Ongoyamba kapena ozolowera?"

"Wongoyambiratu. Sadziwa kanthu."

"Pamene pamawawa?"

Bambo anaika kapu pansi, n'kukhala bwino. "Yamba ndi msana, m'munsimu. M'mawa sangadzuke mwachindunji ayi. Amayamba watembenukira chammbali, kenako n'kudzikankha ndi chigongono. Walemba?"

"Ndalemba."

"Bondo lamanzere. Limalira ngati chitseko chosowa mafuta. Potsika masitepe ndiye limachita kuluma. Ndiye phewa ili lamanja, la kupala matabwa..." Anakhosomola. "La kudula nsalu. Lumo lija n'lolemera."

Chitsiriza sanadzutse maso. "Ikufunsanso za tulo."

Apa bambo anatenga pensulo kukhutu n'kumaizunguza m'zala.

"Tulo n'tovuta. Bedi linamukulira. Nyumba ikangoti zii, amayamba kumvetsera ngati wina akuyenda kukhitchini."

Atelala anali ndi mkazi wamoyo, wolongolola bwino, ndi adzukulu odzaza nyumba. Chitsiriza analemba zonse.

Kamunthu kanabweranso, koma ulendo uno kanali kaulemu. Kanakhala pampando n'kukweza manja. Kanaika zikhatho pakhoma n'kuwongola msana. Powerama, manja ake sanafike pansi. Anatsamira pa timatabwa tiwiri.

"Taima pamenepo. Timatabwato n'tachiyani?"

"Pansi pakamutalikira munthu, timapakweza kuti pamupeze."

"Eee!" Bambo anabweretsa foni pafupi ndi mphuno. "Koma anthu ali ndi nzeru. Uli nato?"

"Ndilibe. Timagwiritsa ntchito mabuku akale."

"Mabuku amaterereka. Ungamuphe mnzanga." Anayeza kamunthuko ndi chala, n'kuyeza chikhatho chawo, milomo ikuyenda. Masana onse kuseri kwa nyumba kunamveka sowo wodulira matabwa, amene anali atakhala chete chaka chonse.

Lachinayi Chitsiriza anafika msanga. Anayala timikeka, anaika mpando pafupi ndi khoma, n'kutsamiritsa foni pawindo. Azimayi analowa akucheza. Iye ankangoyang'ana kukhomo.

Atatsala pang'ono kuyamba, bambo anatulukira atanyamula thumba. Anakhuthula timatabwa tosalala, tozungulira m'makona kuti tisabaye dzanja.

"Akalipentala!" anafuula anamwino ena opuma ntchito, amene pakamwa pawo sipankadutsa kanthu. "Mwabwera kudzaima ndi mutu?"

"Ndatumidwa, mayi. Izi n'za mnzanga, atelala. Ndi wofooka kwambiri. Ndikuyamba ndamuyesera, ndione ngati angazithe."

Nthawi yomweyo belu la njinga linalira panja. Onse anaona pawindo atelala akukwera chitunda cha kumsika, ataimirira pa mapedulo, mpukutu wa nsalu uli kumbuyo. Mawondo onse awiri ankapalasa ngati a mnyamata.

Anamwino anatsegula pakamwa. Chitsiriza anawayang'ana m'maso. Anamwinowo anayang'ana bambo aja, amene anali atagwira mpando ndi manja onse awiri, akuyang'ana pansi.

"Inde," anatero anamwino potsiriza. "Panjinga amaoneka bwino. Koma muwaone akatsika."

"Mwaonatu!" anatero bambo. "Amabisa ameneyo."

"Tiyeni tonse tikoke mpweya," anatero Chitsiriza.

Bambo anatsatira kamunthu kawo mosamala, ngati akutsatira muyeso wa kabati. Anakweza manja, lamanja n'kutsalira. Anakankha khoma. Powerama, bondo linalira chipinda chonse n'kumva, koma palibe anatembenuka. Zikhatho zawo zitafika pa timatabwa, anakhala pomwepo, akupuma, nkhope yodabwa.

"Pakukoka apa," ananong'ona, akuloza m'munsi mwa msana. "Koma kukoka kwabwino."

Pomaliza onse anagona chagada, maso otseka. Chitsiriza anawaikira bambo ake pilo pansi pa mawondo. M'chipindamo munangomveka kupuma kwa anthu. Posakhalitsa panayamba kumveka mkonono, wapansipansi, wosathamanga.

Mayi wina anagwira pakamwa. Anamwino anamugwedezera mutu, anadzuka mwakachetechete, n'kufunditsa mapazi a bambowo ndi nsalu yawo. Azimayi anapinda timikeka osalankhula, n'kutuluka chonyang'ama, nsapato zili m'manja.

Chitsiriza anakhala pampando paja n'kuwadikira. Bambo atadzuka, anayang'ana denga, kenako chipinda chopanda anthu.

"Ndinagona?"

"Pang'ono."

"Anaseka?"

"Ayi, bambo."

Bambo anatembenukira chammbali, n'kudzikankha ndi chigongono.

Pobwerera kunyumba ankayenda pang'onopang'ono, thumba lopanda kanthu lili paphewa. Anadutsa pa shopu ya atelala, makina akulira mkati, koma bambo sanaime.

"Foni yakoyo imasunga zimene yauzidwa?"

"Imasunga."

"Usafufute za atelala. Lachinayi likubwerali ndidzamuyeseranso. Bondo lakelo silinafewe."

"Nanga zanu zija, zoima ndi mutu?"

Bambo anakonza pensulo kukhutu.

"Zisiye kaye zimenezo. Tiyambe tathandiza wodwalayu."